Mbendera ya Zakeyo ndi Thobwa la Apongozi

Mng'ono wanga Zakeyo Mwale anandidwalitsa mutu kuposa munthu wina aliyense pa dziko lino, ndipo ndikunena izi ndikumukonda. Sanali chidakwa, sanali wakuba, sankamenya mkazi. Zikanakhala zimenezo bwenzi ndikudziwa pogwira, chifukwa ine Elifasi ndinali mkulu wake komanso nkhoswe ya ukwati wake, ndipo milandu yotere ankhoswe timaidziwa. Koma uyu matenda ake anali amodzi: ankafuna wezulo. Ankafuna kuima pakati pa bwalo la mpira, kachitsulo kali pakamwa, anthu makumi awiri ndi awiri akuima iye akati aime.

Tinakulira ku Nsaru. Mpira anaupeza kusukulu ya mishoni ya kwathu, ndipo tsiku loyamba lomwe anaumenya unamuzula chikhadabo cha chala chachikulu. Mipira ya masiku amenewo inali yachikopa, yomanga ndi chingwe, ndipo tinkasewera opanda nsapato. Munthu wanzeru akanausiya pomwepo. Zakeyo anausiya kumenya, n'kuyamba kuuweruza. Mphunzitsi wina anamubwereka kabuku ka malamulo a mpira, kachingerezi, kothothoka chikuto, iye n'kukaloweza konse. Malamulo khumi a Mulungu ankawasokoneza mpaka akulu a mpingo anamubweza kawiri m'kalasi, koma malamulo khumi ndi asanu ndi awiri a mpira ankawalakatula ngakhale mutamudzutsa kutulo.

Mu 1950 anakwatira Febe, mtsikana wa mudzi wina pafupi ndi Mpingu, ndipo monga mwa mwambo wathu anapita kukakhala kuchikamwini. Ine ndiye ndinamuperekeza, ine ndiye ndinamulangiza. Ndinamukhazika pansi pa mtengo wa mango n'kumuuza kuti: “Iwe, kumene ukupitaku ndi kwa eni ake. Apongozi ako aakazi usadzawayang'ane m'maso. Usadzadye iwo akuona. Ukakumana nawo panjira, patuka, lowa patchire, njuta, uwombe m'manja uli komweko mpaka adutse. Wamva?”

Anamva. Vuto la Zakeyo linali lomwelo, kuti chinthu akangomva kuti ndi lamulo ankachigwira ndi manja awiri. Akamwini ena amapatuka mapazi atatu n'kupereka moni chozolika. Iye akaona a Nambewe, amayi ake a Febe, akubwera chapatali ndi mtsuko pamutu, ankatha mtunda. Tsiku lina anagwera m'dzenje la nthochi, tsiku lina anakhala pa chitedze n'kudzikanda sabata yathunthu. A Nambewe akafuna kumutuma ankayankhula ali kuseri kwa nyumba, iye n'kumayankha ali m'kati, khoma lili pakati. Zaka zisanu ndi chimodzi anthu awiriwo anakhala mudzi umodzi osadziwana nkhope bwinobwino.

Pa ntchito panalibe chomunenera. Anawamangira nkhokwe, anawafolera nyumba, munda wawo wa mtedza ndiye unkayamba kupaliridwa. Koma likafika Loweruka, khasu pansi. Ankavala kabudula wa khaki wosita ndi simbi ya makala, n'kutenga mbendera yake, ulendo kubwalo. Mbenderayo anamusokera ndi Febe kuchokera ku duku lake lofiira, ndodo yake inali ya nsungwi. Ntchito yake inali kuthamanga m'mbali mwa bwalo, pa mzere wa phulusa, n'kumakweza kansaluko mpira ukatuluka, kapena wosewera akabisala kuseri kwa adani ake onse kudikirira mpira, chimene amati ofusayidi. Munthu wamkulu, wa ana, kuthamanga ndi duku la mkazi wake pa dzuwa! Ndinayankhula mpaka malovu kuuma.

Woyimbira wamkulu m'dera lonselo anali a Rodgers Chadza, kalaliki wa ku boma, bambo wansapato zoyera ndi wezulo wonyezimira womangirira pa chingwe. Mu 1956 anawasamutsira ku Zomba. Asanapite anati adzasiya wezulo wawo ndi kalata yovomereza kwa mmodzi mwa ogwira mbendera awo awiri, ndipo adzasankha pa tsiku la ndime yomaliza ya chikho cha boma lonse la Lilongwe, m'mwezi wa Sepitembala. Ogwira mbenderawo anali Zakeyo ndi mnyamata wina dzina lake Eliya, wokonza njinga ku Njewa, amene malamulo ankawadziwa mongomvera kwa anthu. Aliyense ankadziwa kuti wezulo ndi wa Zakeyo. Chomwe chinatsala chinali choti aime pamzere pake masana amodzi basi.

Kutatsala masabata atatu ndinapalasa njinga kupita ku Mpingu. Ndinali ndi yanga nkhani: chigafa changa cha fodya chinali chitagwa ndi mphepo, ndipo ndinkafuna mng'ono wanga adzandithandize kudula mitengo. Ndinayamba ndalonjera apongozi ake. A Nambewe anandiyalira mphasa, n'kunena kuti:

“Ankhoswe, mwabwera bwino, ndimafuna ndikutumireni mawu. Akamwini angawa andiberekera zidzukulu zitatu. Nyumba iyi ndi manja awo, nkhokwe iyo ndi manja awo. Ine ndakalamba, ndatopa kuyankhula ndi khoma. Mukawauze kuti ndawamasula. Tsiku lina lililonse ndidzawapatsa thobwa ndi dzanja langa, alandire, amwe ine ndikuona, zothawanazi zithere pomwepo. Koma muwauze inuyo, kuti asadzadzidzimuke.”

“Ndamva, amayi,” ndinatero. “Ndiwauza lero lomwe.”

Zakeyo ndinamupeza kuseri kwa khola atanjuta, atandanda zitsononkho pansi mizere iwiri.

“Achimwene, mwafika nthawi yabwino,” anatero, osafunsa n'komwe kuti kumudzi kwacha bwanji. “Taonani. Zofiirazi ndi a ku Namitete, zoyerazi ndi a ku Kasiya. Ndiwo akumana pa chikho. Tsono a ku Namitete ali ndi munthu wawo wamtali amene amakonda kubisala apa. Mpira ukangochoka pa phazi la mnzake, ine diso langa liyenera kukhala apa. Osati mpira ukafika ayi, ukamachoka.”

“Chigafa changa chagwa,” ndinatero.

“Pepani. Tsono akakhala kuti ali mzere umodzi ndi womaliza uyu...”

“Ndati chigafa changa chagwa, Zakeyo! Ndikufuna ubwere tikadule mitengo.”

“Mpira ukatha, achimwene. Panopa miyendo ndikuisunga.”

Miyendo akuisunga! Ine ndapalasa njinga kuyambira m'mawa, fumbi mpaka m'makutu, kudzamva za zitsononkho. Mtima unandiwawa kwambiri. Ndinakankha zitsononkhozo ndi phazi, n'kukwera njinga yanga. Mawu a apongozi ake ndinali nawo pakamwa pomwepa, koma ndinawameza. Mumtima ndinati: poti zonse ndi za mpira ukatha, nayenso nkhani yake yabwinoyi adzaimva mpira ukatha.

Tsikulo linafika. Mpirawo anauika pa bwalo la ku Mpingu kuti pasakhale timu yosewera kwawo. Sindinaonepo anthu ochuluka choncho. Ena anabwera pa malole a fodya, ena pa ngolo, njinga zinatsamira mitengo yonse ya pamsika. Chikho anachiika pa tebulo lofundika nsalu yoyera, akuluakulu a ku boma atakhala pa mipando kumbuyo kwake. Ine ndinapita, osati chifukwa chokonda mpira, koma kuti ukangotha ndimugwire dzanja munthu wanga tikadule mitengo. Ndinaima mbali yomwe kunali Zakeyo, pafupi ndi chulu chachikulu chimene chinali kumbuyo kwa anthu.

Ndisaname, ntchito ankaidziwa. Wamtali wa ku Namitete uja anayesa kubisala katatu chigawo choyamba, katatu konse duku la Febe linali m'mwamba iye asanaponye phazi lachiwiri. A ku Namitete anamutukwana Zakeyo mpaka kutchula makolo athu, iye osatembenuka. A Rodgers akaimba wezulo ankamuyang'ana n'kugwedeza mutu. Osewera anapita kokapuma popanda chigoli. Ndinadzimva ndikuuza munthu amene ndinaima naye kuti, “Wambenderayo ndi mng'ono wanga,” ndipo ndinachita manyazi ndi pakamwa panga.

Chigawo chachiwiri dzuwa linaswa mtengo. Fumbi linali koboo, Zakeyo malaya atamatirira kumsana, akuthamanga uku ndi uku. Nthawi inali itatsala pang'ono, zigoli kulibe, anthu onse ataimirira. Ndiye ndinaona anthu a kumanzere kwanga akupatukira munthu. Anali a Nambewe. Anavala chilundu chawo chopitira kutchalitchi, m'manja atanyamula chipanda chovundikira ndi kambale, akuyenda pang'onopang'ono kuti asataye.

Mayiwo mpira anali asanauonepo chibadwire. Anamva m'mudzi kuti akamwini awo lero ali ndi ntchito yaikulu pamaso pa boma, n'kuganiza kuti tsiku labwino lowalemekezera ndi lomweli, anthu onse akuona. Anafika mochedwa, n'kupeza mkamwini wawo akuthamanga pa dzuwa, thukuta lili kamukamu, popanda ndi mmodzi yemwe womupatsa madzi. Zoti pali nthawi yake yopumira, ndani akanawauza? Anadutsa anthu onse n'kukaima pa mzere wa phulusa penipeni, m'njira ya Zakeyo, n'kuvundukula chipanda.

Ndinafuna kukuwa. Ndikanakuwa chiyani? Nkhani ya masabata atatu siinenedwa ndi mfuu imodzi.

Zakeyo ankabwera chothamanga, maso ali m'bwalo. Atatsala mapazi asanu anatembenuka, n'kuona chilundu chimene ankachidziwa kuposa nkhope ya mwini wake. Ndinaona ndi maso angawa munthu akulimbana ndi malamulo awiri. Sizinatenge nthawi. Miyendo imene inathawa mayiwo zaka zisanu ndi chimodzi sinadikire kufunsa mutu. Anakhota, n'kuboola pakati pa anthu, kugwetsa dengu la mtedza wokazinga la mayi wina, mpaka kuseri kwa chulu. Kumeneko ananjuta, n'kuika mbendera pansi kuti manja apeze powombera.

“Zikomo, apongozi! Zikomo! Dutsani, apongozi!”

Phu, phu, phu, m'manja, kuseri kwa chulu. Nthawi yomweyo m'bwalo wamtali wa ku Namitete anali ataima yekhayekha kuseri kwa a ku Kasiya onse, mtunda woti ngolo n'kudutsa. Ngakhale ine wosadziwa mpira ndinaona kuti wabisala. Mpira unamupeza, anautembenuza, n'kuuponya m'golo. A Rodgers anali kutali, pakati pa bwalo. Anayang'ana kumzere kufuna mbendera. Kumzereko kunalibe mbendera, kunalibe Zakeyo, kunali mayi wokalamba atatambasula manja ndi chipanda cha thobwa. Anadikira kamphindi, n'kuloza pakati. Chigoli.

Zimene zinachitika pambuyo pake sindifuna kuzikumbuka zonse. A ku Kasiya anakhamukira m'bwalo, a ku Namitete n'kuthamangira ku tebulo kukateteza chikho. Zibuma zinauluka. Akuluakulu a ku boma anakwera galimoto yawo nsalu ya patebulo ili m'manja. Mphindi zotsalazo sizinaseweredwe, chikho chinapita ku Namitete pa lole chitabisidwa m'thumba la chimanga. Zakeyo ndinamutulutsa kuseri kwa chulu n'kumubisa m'sitolo ya telala, chifukwa anyamata a ku Kasiya ankamufunafuna ndi mipini.

A Rodgers anatipeza momwemo, nsapato zawo zoyera zili bii.

“A Mwale, munali kuti?”

“Ndinapatukira apongozi, bwana.”

“Apongozi! Pa ndime yomaliza ya chikho cha boma?”

“Anaima panjira, bwana.”

“Si njira imene ija, ndi mzere! Ine ndine Mchewa mnzanu, apongozi ndili nawo, ulemu ndimaudziwa. Koma mukanagwada pomwepo mbendera ili m'mwamba, bwenzi ndikumvetsa. Munthu amene wathawa mzere ndingamusiyire bwanji bwalo lonse?”

A Rodgers anavula wezulo m'khosi mwawo ife tikuona, n'kutuluka. Pakhomo pa sitoloyo panali Eliya wokonza njinga, ndipo anamuveka pomwepo. Ine mkwiyo wanga wonse ndinakhuthulira pa mng'ono wanga. Ndinamunena kuti ndi chitsiru, kuti watichititsa manyazi a Mwale tonse, kuti mkamwini wanzeru amapatuka pang'ono osati kuthawa ngati waona njati. Ndinakuwa kwambiri kuti ndisamve mawu ena amene ankandiyankhula mumtima.

Potuluka ndinakumana ndi a Nambewe atakhala pa khonde, chipanda chili pamiyendo, thobwa lili momwemo.

“Ankhoswe,” anatero motsitsa mawu, “kodi simunawauze?”

Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti njinga yanga ndaisiya poipa, ndikaione. Sindinabwerere.

Patapita sabata Zakeyo anatulukira ku Nsaru ndi nkhwangwa yake. Anadula mitengo, tinaimika chigafa, masiku anayi osatchula mpira ngakhale kamodzi. Bwenzi atanditukwana. Ndinamva pambuyo pake kuti thobwa analandira ndithu, mwakachetechete, pakhomo pa apongozi ake, pali Febe yekha. Kubwalo anabwerera chaka chotsatira, pa mzere womwewo, ndi duku lomwelo, pansi pa wezulo wa Eliya. A ku Kasiya anamupatsa dzina loti Kuserikwachulu, ndipo linamukakamira mpaka ana ake ankaitanidwa nalo kusukulu.

Ndinasenza nkhaniyi zaka zitatu. Ndikamva anthu akumuseka ndinkaseka nawo, kenako chakudya osandilowa. Mu 1959, nditagulitsa fodya, ndinalowa m'sitolo ya mmwenye ku Lilongwe n'kugula wezulo wonyezimira kuposa wa a Rodgers. Ndinapalasa mpaka ku Mpingu, n'kumupeza Zakeyo akusita kabudula wake pakhonde. Ndinamuuza zonse: za mawu a apongozi ake, za zitsononkho, za mmene ndinamezera uthenga chifukwa cha chigafa. Ndinatulutsa wezulo n'kuuika pa mphasa.

Iye anapitiriza kusita.

“Ndikudziwa, achimwene.”

“Ukudziwa chiyani?”

“Zimene mwanenazi. Tsiku limene ndinamwa thobwa lija, mawu oyamba amene apongozi anandiuza maso ndi maso anali amenewo. Anati, ‘Pepani akamwini, ine ndinatuma ankhoswe.’”

“Ndiye unabwera kudzandimangira chigafa ukudziwa?”

“Ndinalonjeza kuti mpira ukatha.”

“Zaka zitatu, Zakeyo! Ine kuwonda ndi nkhani imeneyi, iwe uli chete! Bwanji sunandifunse?”

“Nkhoswe ndinu. Ine ndikanakasuma kwa yani?”

Ndinafuna kumulanda simbi ija ndimuponyere kutchire. Munthu wotani wosadziwa n'kukwiya komwe? Ndinamukankhira wezulo uja pafupi. Anaika simbi pansi, anautola, anautembenuza, n'kuupukuta ndi malaya ake. Ndinaona mmene ankaugwirira, ndipo ndinadziwa kuti njala yake ija sinathe. Anaufikitsa pafupi ndi pakamwa, koma sanauyimbe. Anaubweza m'dzanja langa n'kulifumbatitsa.

“Ndi wabwino. Koma wopanda kalata ndikauyimbira kuti, achimwene? Kukhola? A Rodgers anapita, ndipo Eliya ndi wamng'ono kwa ine, sakalamba msanga.”

Tsikulo linali Loweruka, ndiye ndinamuperekeza kubwalo. Unali mpira wamba, wa masukulu awiri. Eliya anali pakati akuimba zimene akudziwa yekha, Zakeyo akuthamanga pa mzere wa phulusa, duku litasuluka mpaka kuoneka ngati loyera. Pafupi ndi chulu chija panali mphasa, ndipo pamphasapo panakhala a Nambewe ndi chipanda chovundikira. Anandiona, n'kundisunthira malo. Nditakhala pansi anandigwira mkono.

“Musawayankhulitse panopa, ankhoswe,” anatero. “Timadikira hafutaimu. Anandiphunzitsa okha.”

Tinadikira. Wezulo uja unali m'thumba mwanga, ukundibaya pantchafu. Ndinabwerera nawo ku Nsaru, ndipo uli m'chitini cha misomali mpaka lero.